Munthu Amene Anandinyamulira Bokosi

Utsi wa malasha ukangondilowa m'mphuno, ndimabwerera ku Moatize, pakhonde la kanyumba ka m'komponi, pamene agogo anga aamuna, aMbewe, ankakhala pa chitini akatuluka mumgodi, akudzikhula ndi mwala ndi sopo wa mtanda mpaka madzi a m'beseni kuda bii, koma fumbi la m'zikope ndi la m'ming'alu ya kumapazi osachoka. Ankatsokomola kawiri asanayankhule, moti ndinkadziwa kuti afika ndisanawaone. Ndiwo anandilera. Amayi anamwalira ine ndikukwawa, abambo anapita ku Halale n'kutchona. Agogo ankanditcha mphwanga. Ankandiseka kuti ndimadya ngati dzombe, koma kanyama ka phoso ankakakankhira mbali yanga ya mbale.

Zinali zaka za m'ma 1950. Mutu wanga unkagwira, ndipo aphunzitsi anandipezera malo pa sukulu yogonera komweko ya amishoni ku Zóbuè. Kuti andilandire ndinayenera kubatizidwa ndi kulowa m'buku lalikulu la pamishoni. Bukulo silinkafuna dzina la mwana lokha, linkafunanso makolo ndi agogo ake. Agogo atamva zimenezi anasangalala ngati alandira bulangete latsopano. Kumgodi ankawaitana ndi nambala ya pa kachitsulo, ndipo pa chiphaso cha msonkho munthu wina anangowalembapo Juwau, dzina limene iwo sankalidziwa n'komwe.

Anapempha masiku awiri kwa kapitawo, tinakwera galimoto ya mchere. Tili pamwamba pa matumba, kutentha kwa kuchigwa kukutsala m'mbuyo, kamphepo ka kumapiri kakuyamba kutilasa m'makutu, anagwira dzanja langa n'kulitambasula. Kwathu mwana satchula dzina la wamkulu, amangoti aMbewe, choncho dzina lawo lenileni ndinalimva koyamba tsiku limenelo: Nyamayapansi. Amayi awo anali ataika ana anayi m'manda, ndiye anawatcha choncho kuti imfa inyansidwe nawo. Chala chachikulu chinali iwo. Zala zinazo zinali amayi awo, agogo awo, mkazi wawo amene anabala amayi anga, ndi amayi a mkaziyo. Pachikhatho anaikapo mudzi umene anthuwa anachokera pothawa njala. Anandibwerezetsa njira yonse mpaka kukhosi kuuma.

“Buku likachepa malo, mphwanga, uwapemphe alembe m'mphepete. Ine ndikafa, anthu awa alibenso kwina kokhala.”

Pa ofesi ya mishoni tinapeza mzere wa anyamata. Agogo anatsala pakhomo, bokosi langa lachitsulo lili pamutu, chifukwa munthu wopanda nsapato sankalowa asanaitanidwe. Patsogolo panga panali Arimindo, mwana wa namwino, wovala nsapato zonyezimira. Iye anatchula agogo ake onse anayi ndi mayina a Chipwitikizi okhaokha, mlembi akugwedeza mutu. Atatha anacheuka, anayang'ana mapazi a agogo, n'kutsina mnzake. Anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedera.

Nthawi yanga itakwana, mlembi anandifunsa m'Chipwitikizi, pakuti kulankhula Chinyanja pamenepo kunali kuitana mbalamatodya, kathabwa komenyera m'manja kaja. Dzina la amayi ndinatchula, la abambo ndinatchula. Anafunsa za agogo. Ndinayang'ana chala changa chachikulu, ndinamva kale m'makutu mmene Nyamayapansi likanamvekera m'chipinda chogona chaka chonse. Ndinati sindikuwadziwa. Mlembi analoza pakhomo ndi cholembera n'kufunsa kuti nanga mkuluyo ndani. Ndinayankha kuti ndi munthu amene wandinyamulira bokosi.

Ndinkaganiza kuti agogo sakumva Chipwitikizi. Kupusa kwanga! Munthu amene walalatiridwa m'chilankhulo chimenecho zaka zonse za mumgodi angalephere kumva mawu oti wonyamula katundu?

Nditatuluka anatula bokosi pamapazi panga, anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono monga ankachitira kwa mabwana achizungu a kumgodi, amene ankawatcha patarau, Arimindo akuona.

“Katundu wanu ndi uyu, patarau. Muphunzire bwino.”

Sanatsokomole n'komwe. Anandiphimbira bodza langa kuti anzanga asandigwire, ndipo chimene chimandipha mpaka lero n'chimenecho. Akanandimenya mbama pomwepo, bwenzi nditapola kalekale. Usiku woyamba nditatsegula bokosi ndinapeza mtedza wokazinga womangidwa m'kansalu, umene anaika tisananyamuke.

Patchuthi ndinabwerera ku Moatize. Anandilandira, ananditchanso mphwanga, anandikankhira nyama. Za buku sanafunse. Kangapo ndinafuna kuwapempha kuti andibwerezere mayina aja, popeza anali atayamba kundipulumuka pakati pa mayina a mitsinje ya kwawo kwa Apwitikizi amene tinkaloweza, koma kupempha kunali kuvomera mlandu, ndipo manyazi anandimanga pakamwa. Ndinkati mawa. Fisi wa mawa anagona ndi njala, amatero akuluakulu, ndipo ine chifuwa chinawatenga agogo ndili ku sukulu, chaka chotsatira. Uthenga unandipeza atawaika kale.

Tsopano ndine nkhalamba ya ndodo. Chaka chatha mdzukulu wanga Selina anayamba kufufuza za mtundu wathu, akuti akufuna ana ake adzadziwe kwawo. Anapita ku maofesi a ku Tete, anafunsa za mapepala akale a kumgodi, anapezako ma Juwau osawerengeka, wathu osadziwika kuti ndi uti. Kenaka anati chatsala ndi buku la ubatizo wanga, mmenemo muyenera kukhala agogo onse. Ndinanamizira miyendo, ndinanamizira chimfine, koma mwanayo ndi wa liuma ngati ine. Tinapita ku Zóbuè.

Wosunga mabuku anatulutsa buku lachikopa lodyedwa ndi njenjete m'makona, anatsegula mosamala, chala chake chikutsika ndi mzere. Anandipeza. Pamalo a agogo panali liwu limodzi la inki yofiirira, lotanthauza kuti osadziwika. M'mphepete munali malo ambiri, oyera mbee.

Selina anakwiya, anayamba kunyoza alembi a atsamunda kuti ankafafaniza anthu athu mwadala. Zambiri zimene ananena zinali zoona, ndipo ndikanatha kungokhala chete kuti mlandu upite kwa akufa. Ndinamugwira mkono.

“Mlembi analemba zimene anauzidwa, mwanawe. Amene anamuuza ndine. Agogo anga anali ataima pakhomo ilo.”

Ndinamufotokozera zonse, za bokosi ndi za mtedza zomwe. Kenaka anatsegula kope lake n'kunena kuti, “Tchulani tsono, agogo, ndilembe.”

Ndinatambasula dzanja. Chala chachikulu ndinachipinda: Nyamayapansi Mbewe, agogo anga, ndipo ndinamuuza kuti alembe ndi zilembo zikuluzikulu. Selina analemba, n'kudikira, cholembera chili m'mwamba. Ndinayang'ana zala zinayi zotsalazo, ndinayang'ana pachikhatho. Panalibe aliyense.