Khadi la Mutinta

Esinati, mwana wanga, anamwalira Lachiwiri, teni koloko m'mawa, nyamakazi itafika m'mapapo. Anandisiyira mdzukulu wa zaka ziwiri. Patatha mwezi, a Sisita, namwino amene ankasamalira Esinati, anabwera kwathu ku Nottie Broadie. "Ba mayo, ku kiliniki tifuna wothandiza. Manja otupa muyadziwa imwe."

Sukulu ndinalekeza giredi faivi, koma ntchito ndinaigwira. Ndimasesa, kenako ndimafunditsa madzi m'beseni kuti odwala aviikemo manja, zala ziwongoke. A Sisita akatenga magazi, ndimavala magolovesi n'kunyamula timabotolo ta chivindikiro chofiira kupita nato ku makina ozungulitsa. Madzi achikasu akayera pamwamba, amasungidwa mufiriza, botolo lililonse ndi nambala yake.

Ndinafunsa chimene amafunamo. A Sisita anati m'magazi muli asilikali oteteza thupi, ndipo aliyense ali ndi kaunyolo ka shuga kooneka ngati mikanda. Mwa odwala nyamakazi mikanda yakumapeto imasowa, kutupa n'kumakula. Mayi akatenga pakati, nthawi zambiri imabwerera, ululu n'kuchepa. Akabereka imathothokanso.

Ndinakhala pansi. Esinati ali woyembekezera anavina kutchalitchi kuti wachira, ine n'kumamuimbira nthungululu. Kuchipatala sanapitenso mpaka zitavuta.

Tsiku londivuta linabwera ndi Mutinta, mtsikana wodwala nyamakazi, wotunga mikanda yogulitsa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Anandipeza pakhonde n'kundiika khadi lake lachipatala m'manja.

"Onani zala, ba mayo! Napola. Manje nibwelelenji? Muwapatse ba Sisita."

Lamulo la ntchito yanga n'lakuti sindilangiza odwala. Ndikanachotsedwa, mdzukulu akanadya chiyani? Koma Mutinta anali atayamba kale kutsika masitepe.

"Mwanawe," ndinatero, "za mankhwala sindidziwa. Ndingokuuza za mwana wanga."

Ndinamuuza zonse, ndi nthungululu zanga zomwe. Anaseka pang'ono. "Imwe ba mayo, mufuna kuniyofya."

"Ayi. Ndikufuna udzabereke khadi lili m'thumba."

Ndinamugwira dzanja kupita naye kwa a Sisita, n'kuulula ndekha kuti ndalankhula ndi wodwala. A Sisita anandiyankha kuti, "Mwamuleta kwa ine. Ndiye nchito iyo."

Mutinta anabweranso khanda lili ndi milungu isanu ndi umodzi. Chitenje choberekera anamumangira mwamuna wake, chifukwa zala zinali zitakananso mfundo. Koma khadi anali nalo, ndipo mankhwala anayamba tsiku lomwelo. Ndinamasula mfundoyo, n'kumunyamulira mwana iye akuviika manja.

Ndinaphunzira kuti wodwala amene wasiya kumva ululu ndi amene safunika kumutaya maso. Lero, seveni koloko ikamakwana, ndimasiya mdzukulu kusukulu, n'kukafunditsa madzi. Woyembekezera aliyense akamatuluka, ndimamufunsa tsiku lobweranso.