Manja Owakha a Mayi Vernetta

Ku Tilden Ferry, m'chigawo cha Alabama ku America, palibe amene sadziwa basi yachikasu ya Mayi Vernetta Holifield. Ana amene ankawanyamula ali ndi mamina pamphuno, lero akuperekeza ana awo pasiteji yomweyo. Koma ukafunsa za mayiwa, anthu sayambira pa basi. Amayambira pa manja. Zala zawo n'zokhotakhota ngati mizu ya mtengo womera pathanthwe, mfundo zake zotupa, zikhatho zouma gwa.

Zinayamba mwana wawo Kendarius ali kusekondale. Kumeneko mnyamata wosasewera mpira amakhala ngati mlendo kwawo komwe, ndipo mpira wake ndi uja wa zipewa zolimba, wogwetsana, wosongoka uku ndi uku. Kendarius analibe thupi logwetsera anzake, liwiro analibenso. Kochi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kumuuza kuti malo otsala ndi amodzi okha, amene aliyense ankawakana: kuwerama, kugwira mpira pansi, n'kuuponya chafutambuyo kudzera pakati pa miyendo, kuti ukafike m'manja mwa mnzake woima patali kumbuyo, amene amaumenya ndi phazi. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Kuti aphunzire, pankafunika munthu womuwakhira kunyumba. Bambo ake anamwalira iye ali wakhanda, mtengo wa paini utawagwera kuntchito. Malume ake a Cleophus, mlongo wawo wa Mayi Vernetta, anayesako tsiku limodzi. Mpira unawapeza pansi pa mchombo.

"Iwe mwana iwe, ine ndikufunabe kubereka!" anatero akukwawira pakhonde. "Kapeze wina woti uzimupha."

Mayi Vernetta ananyamuka. Analowa m'khitchini, natuluka atavala magolovesi ogwirira mbale zotentha za mu uvuni, aja a maluwamaluwa, n'kukaima pafupi ndi chingwe choyanikira zovala.

"Ponya."

Kuyambira pamenepo, akangoimika basi madzulo, ankaima pamalo omwewo mpaka udzu unatha, panatsala dothi loyera. Magolovesi ankang'ambika, iwo n'kugula ena. Anaphunzira okha lamulo la ntchitoyi: woponya wabwino amaonekera m'manja mwa wowakha. Wowakha akatambasula mkono, akadumpha, ngakhale kungonjenjemera pang'ono, ndiye kuti mpira unasokera. Manja azingodikira m'chiuno, mpira uwapeze wokha. Poyamba unkawamenya pamaondo, paphewa, tsiku lina unaswa magalasi awo. Patapita zaka, anthu odutsa pamsewu ankaima n'kumaonerera: mayi ataima njo ngati mtanda wa pamanda, mpira ukubwera ukuzungulira ngati chipolopolo, n'kulira m'manja mwawo kuti pha!

Mpira womwewo unatengera Kendarius kukoleji ina yaing'ono, kumene ankamulipirira fizi, chakudya ndi pogona, iye akuphunzira zauphunzitsi. Dzina lake silinkamveka pawailesi, ndipo Mayi Vernetta ankanyadira zimenezo, chifukwa woponya chafutambuyo amatchulidwa tsiku limene walakwitsa lokha. Loweruka ankakhala pamwamba pa bwalo, anthu akukuwa, ng'oma za gulu la oimba zikugunda, iwo ali phee. Ankadikira kamphindi kaja mwana wawo akawerama. Manja awo ankadzikonzekera okha pamiyendo.

Kenako mpira wa m'makoleji unasintha. Osewera anayamba kulandira ndalama, ndipo kunatsegulidwa chimene amachitcha chipata. Wosewera wofuna kusamuka amangolengeza kuti ali pachipata, makoleji ena n'kuyamba kumuimbira foni. Koma akangolengeza, koleji yake imatha kumulanda malo, ndi fizi yomwe.

Nkhaniyi inafika m'nyumba mwa Mayi Vernetta tsiku la chikondwerero chothokoza, chimene mabanja akumeneko amadyera pamodzi kumapeto kwa Novembala, nkhukundembo ili patebulo. Kendarius anali atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize. Ananena kuti bambo wina wamawu okoma, wodzitcha mkhalapakati wa osewera, wakhala akumuimbira. Koleji yaikulu ya bwalo lodzaza anthu kuposa tauni yawo yonse inkamufuna, ndalama ndi galimoto zili pomwepo.

"Ndiye ukudikira chiyani?" anafunsa a Cleophus, fupa lili kukamwa. "Anzako akuyendera magalimoto onyezimira, iwe zaka zonsezi kuonetsa matako kumwamba kwaulere?"

"Cleo, pali chakudya pano."

"Achemwali, ndikunena zoona. Dziko lonse mwanayu amaliona chadodolido. Mulekeni alione chowongoka kamodzi."

Mayi Vernetta anatembenukira kwa mwana wawo. "Kochi wa kumeneko wayankhula nawe?"

"Ayi, Amayi. Amati malamulo salola mpaka nditalowa pachipata."

"Bamboyo unamuonapo nkhope?"

"Pafoni pokha."

Mayi Vernetta anangomuikira mbatata ina m'mbale. Mwana anali atakula, ndipo iwo anaona m'maso mwake kuti mwendo umodzi unali utadutsa kale pachipatacho.

Kendarius analengeza. Sabata isanathe, kochi wake wakale anapereka malo ake kwa mnyamata wina. Koleji yaikulu ija inatenga woponya wochokera kwina, ndipo foni ya bambo wamawu okoma inayamba kungolira osayankhidwa. Kutchalitchi amayi ena ankanong'onezana za pusi uja anagwa chagada. Khirisimasi inamupeza Kendarius ali kunyumba, alibe timu, alibe sukulu. Maphunziro ankayambanso mu Januwale, ndipo popanda koleji yomutenga isanafike nthawiyo, zauphunzitsi zinali zitathera panjira. Kufakitale yokonza nkhuku ankalemba anthu tsiku lililonse, ndipo iye anali atayamba kufunsa za mabuti a ntchito.

Anangokhala m'chipinda, makatani otseka. Tsiku lina masana amayi ake anagogoda ndi chigongono, magolovesi ali kale m'manja.

"Tiye panja."

"Amayi, n'zachiyaninso?"

"Sindinakufunse. Udzu wayamba kumera pamalo anga."

Anaponyerana tsiku ndi tsiku. A Cleophus, amene manyazi anawachepetsa mawu, ankajambula vidiyo pafoni, Kendarius n'kumatumiza kwa makochi onse amene ankawapeza. Ambiri sanayankhe. Mmodzi yekha, Kochi Brubaker wa koleji ina yaing'ono ku Kansas, anayankha kuti vidiyo saikhulupirira, poti ana amasiku ano amaithamangitsa. Koma chaka chatsopano chikangolowa adzakhala akudutsa cha ku Alabama pokaona wosewera wina, ndipo akhoza kuima pang'ono kuti aone ndi maso.

Pa chaka chatsopano Mayi Vernetta anaphika khobwe wa mwayi monga amachitira aliyense kumeneko, ndipo a Cleophus anadya mbale ziwiri, akuti ina akudyera mwana wa mlongo wawo. M'mawa mwake kunacha ndi chisanu choyera paudzu. Anakumana pabwalo lakuseri kwa tchalitchi. Kochi Brubaker anali mzungu wamtali, nkhope yofiira ndi mphepo, wosakonda kuyankhula. Anapereka moni, nayang'ana uku ndi uku.

"Wowakha ali kuti?"

Kendarius anayang'ana pansi. Mnzake womenya mpira amene analonjeza kubwera anali atatumiza uthenga m'mamawa: nayenso anali pachipata, koleji ina inamuitana, ndipo anali kale pabwalo la ndege.

"Ine sindingawakhe," anatero kochi. "Ndiyenera kuima pambali ndizionera. Bambo, inu bwanji?"

A Cleophus anabwerera m'mbuyo manja ataphimba pansi pa mchombo. "Bwana, ine ndinapuma pantchito imeneyo."

Mayi Vernetta anali atayamba kale kuyenda. Anawerenga mtunda ndi maso, naima, natulutsa magolovesi a maluwa m'thumba la jekete la kuntchito.

Mpira woyamba unalira kuti pha! Wachiwiri chimodzimodzi. Kochi anasuntha, nakaima mbali ina, nagwada, akuyang'ana manja a mayiwo. Sankasuntha. Atatha kuponya kangapo, kochi anapita kugalimoto yake n'kubwera ndi chigubu cha madzi.

"Kwathu kumagwa mvula yozizira ndi matalala," anatero akuthira madzi pampira mpaka chikopa chinada. "Wouma aliyense amaponya."

Kendarius anawerama. Mpira unabwera molunjika, koma utafika pansalu ya magolovesi unaterereka n'kugwera kumbuyo. Kochi anangokweza nsidze, ndipo Mayi Vernetta anaona kuti munthuyo sakudziwa ngati wolakwa ndi woponya kapena wowakha. Anavula magolovesi, nawaponya paudzu. Anapumira m'manja kamodzi, n'kuwaika m'chiuno.

"Amayi, muli bwino?" Kendarius anafunsa, akuwaona chadodolido pakati pa miyendo yake.

"Ukucheza ndi ndani? Ponya."

Mpira wonyowa umalemera, ndipo m'chisanu umauma ngati mwala. Woyamba unawotcha zikhatho ngati moto. Wotsatira unafika nsonga yake italunjika chala cha pafupi ndi chaching'ono, kudzanja lamanja. Anamva kuthyoka m'kati, ngati kamtengo kouma. Ululu unakwera mkono wonse mpaka kukafika m'mano, bwalo linachita mdima m'mbali. Koma mpira unali m'manja. Anadziwa kuti akangogwedeza dzanja, akangoti mayo, kochi aimitsa zonse mwaulemu, apepesa, akwera galimoto yake, ndipo chomaliza chimene adzakumbukire ndi mpira wogwa uja. Anaugubuduza pansi kubwezera kwa mwana wawo, n'kubwezera manja pamalo ake.

A Cleophus anali ataona. Anaona chala chitaloza kumene chala sichiloza. Anayamba kuyenda, koma mlongo wawo anawayang'ana kamodzi kokha, ndipo anaima pomwepo, chipewa atachifinya m'manja.

Kochi anathiranso madzi. Anakaima pamutu pa Kendarius n'kumukuwira m'khutu ngati mdani wa pabwalo. Anamukankha paphewa mpira ukungochoka. Anamuuza aponye mofulumira, kenako adikire nthawi yaitali atawerama mpaka miyendo inayamba kunjenjemera. Mpira uliwonse unkabwera m'njira yomweyo, ngati ukuyenda pachingwe, ndipo uliwonse unkagunda pachala chothyokacho. Mayi Vernetta ankayang'ana nsonga ya mpira basi. Thukuta linkatsika m'khosi m'chisanu chonsecho. M'mutu ankaimba nyimbo ya kwaya, mzere umodzi womwewo, kubwerezabwereza. Manja sanasunthe.

Khwangwala anatera padenga la tchalitchi, nauluka. Mayi wina amene ankabwera kudzasesa anaima pachipata cha mpanda, tsache lili m'manja, osalowa.

"Basi," anatero kochi.

Kendarius anaweramuka, magazi atathamangira kumutu chifukwa chowerama. Kochi anapukuta manja pabuluku, nayang'ana mnyamatayo nthawi ndithu.

"Galimoto ndilibe yokupatsa. Ndalama za osewera kwathu n'zogulira sopo. Koma fizi, chakudya ndi pogona, chaka chonse mpaka umalize, zimenezo ndingathe. Maphunziro akuyamba sabata yamawa. Ubwera?"

A Cleophus anakhosomola. "Bwana, kapena pa sopoyo mungaonjezereko ka..."

"Cleo."

"Ndangokhosomola, achemwali."

"Ndibwera, Kochi," anatero Kendarius. "Zikomo kwambiri. Ndibwera."

Kochi anamugwira chanza, kenako anatembenukira kwa mayi ake atatambasula dzanja. Mayi Vernetta anali atabisa lamanja m'thumba la jekete. Anapereka lamanzere.

"Pepani, linalo lanyowa."

"Mayi, ndaona owakha ambiri," anatero kochi, napukusa mutu, navula chipewa pang'ono, n'kupita kugalimoto.

Mayi Vernetta anadikira mpaka galimotoyo itakhota kuseri kwa sitolo. Kendarius anali akudumpha, akukuwa, akufuna kuwanyamula. Apo m'pamene anakhala pansi paudzu wonyowa.

"Cleo, kabweretse galimoto. Tipite kuchipatala."

Anatulutsa dzanja m'thumba. Chala chinali chitatupa ngati soseji, chakuda, chitagonera pa chinzake. Kendarius anagwada. Anayang'ana dzanjalo, nayang'ana mpira, nayang'ananso dzanjalo.

"Amayi... ndi uti? Ndi mpira uti?"

"Unali wabwino. Unabwera pamalo ake."

"Bwanji simunanene? Ndakhala ndikuponya nthawi yonseyi!"

"Ndiye ntchito yako imeneyo." Anamupukuta misozi ndi chikhatho chamanzere. "Leka kulira, anthu angaganize kuti akukana. Tola magolovesi angawo, ndipo tikabwerako uyambe kuchapa zovala zako. Ku Kansas kumazizira, ndipo majuzi ako onse akununkha."

Kendarius ananyamuka Lachisanu, pabasi ya m'mawa. Mayi Vernetta anakhala milungu ingapo osagwira chiwongolero, dzanja lili m'chikhakha, ndipo ana a pasiteji ankadandaula kuti dalaivala wogwirizira sadziwa kudikira munthu amene akuthamanga.