Chaka Chimene Tinayamba Kusewera Mpira Titakhala Pansi

Ndinayamba ntchito yauphunzitsi pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, kumwera kwa Metangula. Anandipatsa kalasi lachisanu, ndipo maphunziro onse ndinkaphunzitsa ndekha: Chipwitikizi, masamu, mpaka Edukasau Fizika, phunziro lolimbitsa thupi. Lomalizali ndiye ndinkalikonda kwambiri. Ndili mtsikana ndinali wothamanga, choncho wezulo akakhala pakamwa ndinkadziona kuti ntchito ndikuidziwa.

M'kalasimo munali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri amene ankayendera ndodo ziwiri. Anadwala ali wakhanda, miyendo n'kufota osakulanso bwino. Nthawi yotuluka kubwalo ikakwana, anzake ankavula masilipasi n'kuwaunjika pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi zikwama, iye n'kukhala pomwepo kulondera. Ndinapeza zili choncho, ndipo sindinafunse. Miyezi itatu yoyamba itatha ndinamulembera nota khumi pa makumi awiri, yongokwanira kukhoza, monga ankachitira aphunzitsi amene ndinawalowa m'malo.

Tsiku lopereka zotsatira anadikira kuti anzake onse atuluke, kenako anabwera patebulo panga ndi pepala lake.

"Aphunzitsi, ya masamu ndaimva, ndikudziwa pamene ndinalakwa," anatero. "Koma khumi uyu ndamupeza bwanji? Kapena ndi wolondera masilipasi?"

Sanafunse mwachipongwe ayi, ankafunadi kudziwa. Ndinangomuuza kuti tikatsegulira adzalowa m'bwalo ngati wina aliyense.

Poyamba ndinalakwitsa, ndipo sindibisa. Ndinaimika ana mozungulira, iye n'kumukhazika pampando pakati pawo, ndipo ndinawauza kuti azimuponyera mpira pang'onopang'ono. Anamvera mopitirira. Ankamuponyera ngati akupatsa khanda, akawakha onse n'kuomba m'manja. Iye nkhope inali pansi nthawi yonseyo. Tsiku lotsatira la phunziroli anati mutu ukumupweteka, ndipo sabata inayo sanabwere n'komwe kusukulu.

Loweruka m'mawa ndinapita kwawo. Banja lawo ndi la Chisilamu, asodzi kuyambira kale. Ndinapeza bambo ake akusoka ukonde pamthunzi, mayi ake akuyanika usipa pathandala. Titalonjerana ndinafunsa za mwana, ndipo bambowo analoza kunyanja ndi chingwe chili m'manja. Bwato linkabwera kumtunda, wopalasa ali iyeyo, mng'ono wa mayi ake atangokhala kutsogolo ndi beseni. Mmene ankakokera nkhafi, ine sindikanatha. Bwato litagunda mchenga anagwira m'mphepete, n'kudzinyamula yekha kutsika, kenako anayenda ndi manja kukatenga ndodo zake, mwachangu moti mchenga unkauluka kumbuyo kwake.

Ndinauza bambowo kuti sindinkadziwa kuti mwana wawo ali ndi mphamvu zotere. Iwo anaseka pang'ono.

"M'bwato aliyense amakhala pansi, aphunzitsi," anatero. "Miyendo ilibe ntchito m'menemo."

Pamenepo ndinakumbukira kuti kosulira aphunzitsi anatitchulirako za mpira wowombetsa paukonde umene osewera onse amakhala pansi. Anangotchula tsiku limodzi, sitinausewerepo. Ndinawafotokozera zimene ndinkaganiza, n'kupempha chidutswa cha ukonde wotha ntchito. Bambowo anavomera msanga, koma mayi ake anasiya kuyanika n'kubwera pafupi. Anandiuza kuti zinawatengera zaka kuti mwanayo azolowere ndodo, kuti anthu asiye kumuona akukwawa, ndipo tsopano ine ndikufuna kumubwezera pansi pamaso pa sukulu yonse, anyamata ali pomwepo. Mawu awo anali oona. Ndinawayankha kuti sadzakhala pansi yekha, kalasi lonse lidzakhala, ngakhale ineyo, ndipo atsikana adzavala buluku mkati mwa kapulana, chitenje chija, n'kuyamba kusewera okhaokha. Sanavomere, sanakanenso. Anangoti adzabwera kudzaona.

Bwalo la sukulu lathu ndi la miyala, losati n'kukhalapo. Ndinasankha malo a mchenga kuseri kwa makalasi, ndinazika nsungwi ziwiri, n'kumanga ukonde uja motsika, kufika pamwamba pang'ono pa mutu wa mwana atakhala. Tsiku loyamba tinatuluka dzuwa litakwera, ndipo palibe amene anapirira kutentha kwa mchenga. Ndinakapempha adiretori, akulu a sukulu yathu, kuti phunziroli lizikhala loyamba m'mawa, iwo anasintha ndondomeko tsiku lomwelo. Mpira wa sukulu unali umodzi, wamiyendo, wolemera moti unkapweteka zala. Tinakulunga wina wa mapepala apulasitiki, waukulu koma wopepuka.

Lamulo lalikulu linali limodzi: matako asachoke pansi. Masabata oyamba ndinalola kuti aziwakha mpira kenako n'kuponya, ndipo atazolowera m'pamene tinayamba kuwomba. Anyamata anadandaula kuti amenewa si masewera. Anasiya kudandaula ataona mmene kulili kovuta kuthamangira mpira ndi manja. Ankagwa chagada, ena n'kudzuka mosazindikira, timu yawo n'kuluza. Mtsikana uja ankafika pa mpira aliyense asanafike. Pasanathe mwezi, anzake ankalimbirana kuti akhale mbali yawo, ndipo anyamata anapempha okha kuti apikisane ndi atsikana.

Panabukanso vuto limene sindinaliyembekezere. Mwanayu anali asanasewerepo m'gulu chibadwire. Mpira uliwonse ankaufuna yekha, ankalowa m'malo a anzake, ndipo wina akaphonya ankamukalipira koopsa. Tsiku lina anatukwana mnzake mpaka kumuliza. Ndinamutulutsa m'bwalo monga ndikanachitira wina aliyense, n'kumuuza kuti akhale kunja kufikira atapepesa. Anandiyang'ana modabwa. Ndikuganiza kuti kusukulu kunalibe mphunzitsi amene anamulangapo. Anakwiya tsiku lonse, koma mawa lake anapepesa, ndipo pang'onopang'ono anaphunzira kupatsira anzake.

Mayi ake anabweradi, m'mawa wina, beseni la nsomba lili pamutu. Anaima patali pafupi ndi mpanda, n'kundiona ine nditakhala pamchenga, mutu uli fumbi lokhalokha. Anakhalapo kanthawi, kenako anapita. Sabata yotsatira mwanayo anabwera ndi buluku limene mayi ake analisokera zigamba zochindikala kumbuyo ndi m'mawondo. Atsikana ena ataliona anakapempha amayi awo kuti awasokere chimodzimodzi.

Koma chaka chonse sitikanangosewera mpira umodzi. Ana ena amafunika kuthamanga ndi kudumpha. Ndiye ndinatenga kope n'kuyamba kulemba phunziro lililonse mwatsopano. Pamwamba ndinkalemba chimene ndikufuna kuti thupi la mwana liphunzire, kaya ndi mphamvu, kaya kupirira, kaya kulunjika. M'munsi ndinkalemba njira ziwiri zofikira pamenepo. Anzake akamathamanga kuzungulira bwalo, iye ndi ena anayi osinthanasinthana ankapikisana kuyenda ndi manja pamchenga. Tinkakoka chingwe titakhala, tinkaponya miyala yosalala m'chidebe. Aphunzitsi ena anandilangiza kuti ndizimupatsa wezulo aziimbira anzake, koma ndinakana, chifukwa kutero n'kumuika pambali mwaulemu basi.

Adiretori ataliona kopelo anandiuza kuti ndikalifotokoze pamsonkhano wa aphunzitsi a sukulu zoyandikana, umene timakhala nawo Loweruka lina pamwezi. Kunabwera a ku Nkholongue ndi ena a ku Meluluca. Ndisanamalize kulankhula, aphunzitsi ena achikulire anati zimenezi n'zabwino papepala, koma munthu wa ana odzaza kalasi sangapeze nthawi yoganizira mwana mmodzi. Sindinatsutsane nawo. Ndinawapempha onse kuti atuluke, avule nsapato, akhale pamchenga. Achikulirewo anakana poyamba, koma ataona anzawo akuseka analowa, ndipo ndi iwo amene anali omaliza kudzuka. Pa onse amene anabwera, awiri anakopera kope langa n'kukayamba kwawo. Ena sanachite kanthu. Awiriwo timatumiziranabe mauthenga pafoni, aliyense kunena chimene chayenda ndi chimene chakanika.

Mtsikana uja anamaliza pirimariya n'kupita ku sekondale ku Metangula, komwe amakhala kwa achibale. Ndinakumana naye pamsika chaka chatha ndikudikira shapa, minibasi ya ku Lichinga. Watalika, mapewa ake ndi otambalala. Anandiuza kuti tsiku loyamba la phunziro lolimbitsa thupi kumeneko sanadikire kuuzidwa pokhala, anapita yekha kwa aphunzitsi n'kuwafotokozera zimene amatha, iwo n'kumumvera.

Chaka chino ndili ndi mwana wina amene saona bwino, amangozindikira kuwala ndi mdima. Kwa iyeyu zonse za m'kope langa sizithandiza, ndayambanso tsamba latsopano. Ndinaika zitsekerero za mabotolo m'kachitini, n'kukakulunga pakati pa mpira kuti uzilira ukamagubuduka. Panja zinakanika, chifukwa mchenga umameza phokoso, ndipo mwera ukamawomba sizimveka n'komwe. Sabata yatha tinakankhira mabenchi kukhoma, tinamanga osewera onse nsalu kumaso, n'kusewera pasimenti m'kalasi momwemo. Chovuta chinali kuwakhalitsa chete oonerera. Atakhala chete, mwanayo anapendeketsa mutu, anamvetsera, n'kudzigwetsa kumanzere, mpira uli m'manja. Lachiwiri likubwerali ndikufuna ndiyese ndi mipira iwiri.