Bakali ndi Nsato za Bwana Jassim

Bakali wa ku Ntaja anabwera ku Doha kudzayendetsa galimoto, osati kudzanyamula njoka. Zimenezi zimveke poyambirira, chifukwa alipo anthu mpaka lero amalankhula ngati analipo.

Ankagwira ntchito panyumba ina yaikulu ku Al Messila, kwa bwana Jassim, munthu wopanda nkhanza koma wotengeka ngati mwana. Chaka china zinali mbalame zolankhula, china nsomba za m'galasi. Bakali ntchito yake inali kuyendetsa, kudikira padzuwa ndi kutsuka galimoto. Lachisanu akachoka kumzikiti ankapita ku Najma kukacheza ndi Amalawi anzake. Kumudzi anamanga nyumba ya malata, mmene munkakhala mayi ake, mkazi wake Umi ndi ana awiri, koma chimene ankachisamala kuposa nyumbayo linali dzina lake. Kwathu ukakhoma malata msanga anthu sayamba n'kukuyamikira ayi. Amayamba afunsa kuti wakhwimira chiyani, ndipo ndani sadziwa mphekesera ya anthu amene amati amaweta njoka kuti iziwakokera chuma, iyo n'kumalipidwa ndi moyo wa m'bale? Bakali ankafuna kuti anthu akayang'ana malata ake aziona thukuta basi.

Ndiye tsiku lina bwana akukwera galimoto n'kunena kuti akufuna kuweta nsato.

"Iwe ndiwe wa ku Africa," anatero. "Zimenezi mumakula nazo. Yalla, tiye ukandithandize kusankha."

Kukula nazo? Ku Ntaja nsato ikaoneka, ena amaliyatsa liwiro, ena amathamangira mipini. Bakali mtima unamuwawa, koma anangoti, "Chabwino, bwana." Ntchito ya kunja anaifuna yekha, ndipo walira mvula walira matope.

Wogulitsayo anali ku Madinat Khalifa, bambo wina amene ankasunga njoka m'mabokosi agalasi kuseri kwa nyumba yake. Anayamba kuwaonetsa kansato kakang'ono, kamawanga akuda ndi ofiirira, kamene kakachita mantha kamadzipinda ngati nkhata n'kubisa mutu. Anati kameneka n'kofatsa, sikakula kwambiri, ndipo nthawi zambiri kamangokhala phee.

"Bwana, tengani kameneka," anatero Bakali mofulumira. Iye ankangoganiza kuti kanthu kotere kazikhala m'bokosi mwake, osaonedwa ndi munthu.

Bwana anapukusa mutu. Ati alendo ake akamuseka kuti wagula lamba.

Mwini njokayo anawatulutsira ya ku Burma, yachikasu ndi yoyera, yonenepa ngati ntchafu ya munthu. Wogulitsa anati imeneyi mtima wake ndi wabwino, koma ikakula imafuna chipinda chakechake ndi anthu angapo oinyamula. Panalinso ina ya ku Indonesia, yaitali zedi, khungu lake lokongola moti bwana anaiwala kutseka pakamwa, koma akuti siidziwika mmene yadzukira. Pomaliza anawalozera yakwathu, ya ku Africa. Itangowaona inafufuma n'kumenya galasi ndi mutu.

"M'bale wako uyo," anatero bwana akuseka. Bakali sanaseke nawo.

Munthu wanzeru akanasankha tsiku lomwelo. Koma bwana Jassim ayi. Lero akufuna yachikasu chifukwa ikugwirizana ndi mipando ya pabalaza. Mawa yachikasu ndi yaulesi, akufuna yamawanga ya ku Indonesia ija. Mkucha wamva kuti yamawanga imaluma. Anabwererako mpaka wogulitsa anasiya kuwapatsa tiyi, ndipo ulendo uliwonse Bakali ankabwerako mutu ukuwawa.

Chimene chinaononga zinthu chinali kuyeza. Bwana anati m'bokosi sangathe kuona kukula kwenikweni kwa njoka, ndiye aione ili pamunthu. Munthuyo angakhalenso ndani? Wogulitsa anatenga ya ku Burma ija n'kumukoleka Bakali pakhosi, mutu uku, mchira uku. Inali yozizira ndiponso yolemera, ikuyenda pang'onopang'ono pamapewa pake. Bakali anauma gwa, mano onse pamtunda chifukwa cha mantha. Bwana anajambula ndi foni n'kuika chithunzicho pa intaneti kuti anzake amuthandize maganizo. Tsoka lake, pachithunzi mantha aja ankaoneka ngati kumwetulira kwa munthu wonyadira chiweto chake.

Faruku, mlonda wa ku Najma, mnzake wa Bakali wa kumudzi komweko, anachiona chithunzicho n'kuchiponya pagulu la WhatsApp la Amalawi a ku Doha kuti anthu aseke. Anasekadi. Koma gulu lotere aliyense ali ndi mlamu wake kumudzi, ndipo sabata isanathe chithunzi chinali chitazungulira msika wonse wa Ntaja.

Umi anaimba foni akulira. Anthu asiya kugula mandasi ake. Ana a oyandikana nawo akuletsedwa kusewera pakhonde lawo. Mayi wina wanena poyera pachitsime kuti tsopano zamveka kumene malata anachokera.

Lachisanu Bakali anamupeza Faruku kuchipinda kwake ku Najma.

"Achimwene, inali nthabwala chabe," anatero Faruku, maso ali pansi.

"Nthabwala kuno. Kumudzi mukuidziwa bwino kuti ndi chiyani. Munakulira kuti inu?"

Faruku anapepesa, analembanso pagulu paja kuti njokayo ndi ya bwana. Zinathandiza chiyani? Anthu anati mwaona, tsopano akubisa. Bakali anaimbira amalume ake, anaimbira shehe wa kumudzi, kufotokoza mpaka mawu kusasa kuti kuno anthu olemera amaweta njoka ngati mphaka, kungofuna kuiyang'ana. Onse ankangoti, "Tamva," ndipo Bakali ankadziwa kuti sanamve. Mwini wakenso akamazinena zinkamveka ngati bodza. Munthu wamisala yanji angagule njoka kuti azingoiyang'ana?

Nayenso bwana anamaliza kusankha. Akazi ake anakanitsitsa kuti chinjoka chachikulu sichilowa m'nyumba mwawo, ndiye anagula kakang'ono kaja, kamene Bakali ananena tsiku loyamba. Ali m'njira yobwerera, bokosi lili kumpando wakumbuyo, bwana anamuuza mokondwa kuti kusankha bwino kumafuna kufatsa. Bakali anangoyang'ana msewu.

Atafika, akutsitsa bokosilo, foni yake inalira. Anali mayi ake, amene chiyambire nkhaniyi anali asananenepo kanthu. Bakali anasangalala, poganiza kuti mwina m'modzi yekha amene anamubereka amumvetsa. Anayamba kufotokoza zonse, za bwana, za wogulitsa, za Faruku. Mayi anamusiya alankhule mpaka atamaliza.

"Mwanangu, ine sindikukuweruza," anatero mofatsa. "Umphawi ndimaudziwa, ndipo unachita zimenezi kuti ife tigone pabwino. Ndangoti ndikupemphe chinthu chimodzi. Tsiku limene idzafune munthu, upereke ine. Ana aja usawakhudze."

Bakali anakhala pansi pomwepo, pasimenti yotentha, foni ili kukhutu.