Mageti ndi Chigoba cha Nkhono

Kusukulu kwathu ku Mphuka, wolankhula Chikunda ankavekedwa chigoba cha nkhono m'khosi. Boma lidati tiphunzire Chingerezi ndi Chinyanja cha m'buku; chilankhulo cha amayi anga, amene adachokera ku Zumbo, chinkatsala panja ngati galu. Aphunzitsi athu, mlendo wochokera kutali, ankakhwimitsa lamulolo kuposa eni ake.

Chaka china adaitana makolo. Kudabwera kalata ya Chingerezi yochokera ku damu lalikulu la kumtunda kwa Zambezi, lija lomwe mphamvu yake inkapita kumigodi ife tikuunikira koloboyi. Aphunzitsi adawerenga mothyola khosi, nkumasulira mwachidule kuti, "Mwezi wamawa atsegula mageti."

Makolo adamva "magetsi". Nthungululu zidalira. Ine mawu akuti geti, chitseko chotsekera madzi a m'damu, ndidali nditawaona m'buku, ndipo ndidaganiza za chimanga cha amayi pachilumba. Ndidakweza dzanja, koma chifukwa cha mantha funso lidatuluka m'Chikunda.

"Iwe, ni chitundu chanji ichi? Bwela kuno!"

Aphunzitsi adandiveka chigoba pamaso pa amayi anga, anthu nkuseka. Funso langa lidafera pomwepo.

Madzi adafika chimanga chili chiwisi. Bwato la amalume lidayandama pamwamba pa ngayaye, amayi akuvuula zitsononkho zowola ndi manja. Chaka chimenecho tidadya nyika, mizu ya zomera za m'madambo, ndipo mng'ono wanga adatupa miyendo. Magetsi sadabwere. Chigobacho sindidabweze, ndidachisunga m'chitini pamodzi ndi mkwiyo wanga. Kutchalitchi amati tizikhululuka, ine pamenepo ndimangoyang'ana denga.

Magetsi enieni adafika ku Boma ine ndili kale ndi imvi, ndikugulitsa nsomba pamsika. Aphunzitsi aja adapumira konkuno, ndipo pa zaka zonsezo Chikunda sadachiphunzire ngakhale moni. Tsiku lina ndidawapeza padoko atatsamira ndodo, akufuna kuwoloka kukaona mwana wawo wodwala ku Zumbo. Wopalasa bwato ankawafotokozera m'Chikunda kuti madzi akwera, abwerenso mawa m'mawa. Iwo sadamvepo kanthu, ndipo adandicheukira.

"Mwana wanga, ukumbukila ine? Akamba chani uyu?"

Chigoba chidali kunyumba, koma khosi langa lidachimva kulemera. Ndidawagwadira mwaulemu wonse, monga adatiphunzitsira. Kenaka ndidawabwerezera mawu onse a wopalasa uja, pang'onopang'ono, osasiyapo ngakhale limodzi, m'Chikunda cha amayi anga.

Adakhala padokopo mpaka dzuwa lidapendeka, akudikira bwato limene silinkapita. Ine ndidabwerera ku nsomba zanga, ndipo sindinama, zidagulidwa bwino tsiku limenelo.