Wopempha Mabuku Pamaliro

Ku Dambwa North kukagwa maliro a munthu amene anagwirapo ntchito ya mu ofesi, anthu sankafunsa ngati amalume anga a Bryson abwere. Ankangofunsa ngati afika kale. Ankabwera pa njinga yawo yakuda, atavala jekete ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala pansi pa tenti ndi azibambo anzawo. Nyimbo ankaimba nawo, kumanda ankapita, chipepeso ankapereka. Koma tonse tinkadziwa kuti diso limodzi lili pa kabati ya m'nyumba ya malemuyo.

Agogo athu anachokera ku Nyasalande kudzagwira ntchito pa njanji, ndipo amalume anabadwira konkuno ku Livingstone. Pamene yunivesite ina yaing'ono inatsegulidwa m'tauni muno, anawalemba ntchito yoyang'anira laibulale. Ophunzira ambiri anali a zachuma, ofuna kudzalowa m'mabanki ndi m'maloji a ku Nakatindi, koma pa shelefu ya zachuma pankalamulira akangaude. Amalume akapempha mabuku, akuluakulu ankati chaka chamawa. Chaka chamawacho chikafika, ankanenanso zomwezo.

Nzeru inawabwerera pamaliro a mnzawo wa paubwana, a Gordon, amene ankasunga mabuku a chuma pa fakitale ina isanatsekedwe. Tsiku logawa katundu wa malemu, abale anakanganirana masuti, nsapato ndi wailesi. Mabuku okha anatsala pakhonde, mabuku akuluakulu a akaunti, a zamisonkho ndi a zamabanki, amene a Gordon anaphunzira nawo kudzera papositi. Mayi wina anali atang'amba kale masamba kuti akolezere mbaula. Amalume anadikira anthu onse atatenga zawo, kenako anakagwada pamaso pa mkazi wamasiye, a Louisa.

"Ba Louisa, aya mabuku ya ba Gordon muzachita nayo chani?"

"Nichite nayo chani ine? Nivale?" anayankha a Louisa.

"Nipaseniko. Nizalemba zina yabo mukati, bana ba sikulu bazibelenga. Olo ine nikafe, ba Gordon bazankala pa shelefu."

Lonjezo limeneli analibwereza kwa akazi amasiye ambiri, ku Dambwa, ku Maramba, mpaka ku Simonga, kumene kalaliki wina wa inshuwalansi anakapumira. Tauni yathu inali ndi mafakitale kale, ndipo atatsekedwa inatsala ndi makalaliki okalamba, aliyense ndi kabati yake ya mabuku. Amalume ankawadziwa onse. Anali ndi malamulo awo, ndipo sankawaswa. Sankapempha munthu asanaikidwe m'manda. Sankapempha kwa abale aamuna, chifukwa amenewo akaona chinthu chikufunidwa chimasanduka chamtengo pomwepo. Ankadikira mpaka kumapeto, n'kupempha mkazi wamasiye atagwada. Ndikawadandaulira kuti tikuchedwa, ankangoti, "Zione, kuona maso a nkhono n'kudekha." Akafika nawo ku laibulale, ankalemba ndi dzanja lawo kuseri kwa chikuto cha buku lililonse kuti lachokera kunyumba ya malemu uje. Dzina lolembedwa linali la munthu amene bukulo latuluka pamaliro ake, osati la wina.

Anthu sanawasiye osawaseka. A Muleya, amene anapuma ntchito ya ku banki, atagonekedwa m'chipatala anaona amalume akulowa ndi nthochi m'manja. Anadzuka pabedi ngati wachira.

"Iwe Bryson, nikali moyo! Wabwela kuona ine olo wabwela kupima kabati?"

Anaseka onse awiri mpaka namwino anawakalipira. A Muleya atamwalira patapita zaka, akazi awo anali atamanga kale mabuku ndi chingwe, chifukwa malemuwo anasiya mawu.

Ndimasowa laibulale ya masiku amenewo. Inkanunkha phula la pansi ndi mapepala akale. Shelefu ya zachuma inakula mpaka kudzaza khoma lonse, ndipo nyengo ya mayeso ophunzira ankalimbirana mabuku powatchula maina a eni ake. Unkamva wina akuti, "Ba Muleya bali na ndani? Nibafuna mawa." A Louisa akabwera m'tauni ankapatuka, n'kutsitsa buku limodzi la amuna awo, kulipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kulibwezera. Sankawerenga, sankakhalitsa. Akachoka pamenepo ankapita kukakwera minibasi.

Amalume atapuma ntchito, malo awo anatenga mtsikana wotchedwa Mutinta, wophunzira bwino za malaibulale. Ndinkafuna kumuda, koma sanandipatse pogwira. Oyendera masukulu ankafuna mabuku atsopano, ndipo yunivesite inali italembetsa kuti ophunzira aziwerenga pa makompyuta. Malamulo a misonkho a m'mabuku a a Gordon anali atasintha kalekale, moti wophunzira wowaloweza akanalephera mayeso. Mutinta ankanena zoona, ndipo zimenezi ndi zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri. Sanawataye mabukuwo. Anawalongedza m'makatoni n'kuimbira amalume foni mwaulemu kuti adzawatenge.

Amalume anapita nawo kunyumba pa takisi, ine ndili kumbuyo ndi katoni pamiyendo. M'mawa mwake anamanga mabuku a a Gordon pa njinga kuti akawabweze kwa mwini wake, ndipo ndinawaperekeza. A Louisa anatiimitsa pa geti.

"Katundu wa malilo subwelela pa nyumba, ba Bryson, imwe muziba. Ukabwelela ubwela kutenga wina." Anayang'ana katoniyo, kenako anayang'ana amalume. "Munakamba ati olo mukafe. Manje simunafe na kufa."

Mawu amenewo anawalasa. Sanayesenso kubweza kwa wina aliyense. Makatoni anawaika m'chipinda chawo chogona, pamwamba pa njerwa kuopa chiswe, ndipo akazi awo, amake Clifton, ankadutsa cham'mbali kuti afike pabedi. Kutchalitchi anasiya benchi yawo yakutsogolo n'kumakhala kumbuyo, kuti azituluka asanakumane ndi akazi amasiye aja. Pamaliro ankapitabe, koma akachoka kumanda ankalunjika kwawo. Munthu amene tauni yonse inkamuseka chifukwa chokhalitsa pamaliro anasanduka woyamba kutsanzika. Zinkandipweteka kuwaona choncho. Ndinawauza kangapo kuti mlandu si wawo, iwo n'kungoti analonjeza ndi pakamwa pawo, osati pa yunivesite.

Amalume anamwalira chaka chathachi, mvula itangoyamba. Anzawo a kuntchito anabwera, ndipo Mutinta analowa m'nyumba kukakhala ndi azimayi monga mwa mwambo. Mwatsoka kapena mwamwayi, malo amene anapeza pa mphasa anali pafupi ndi a Louisa. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinamva.

"Ndiwe unachosa ba Gordon pa shelefu?"

"Ni ine, amai," anayankha Mutinta atazolika.

A Louisa sanamukalipire. Anamufotokozera zonse motsitsa mawu pakati pa nyimbo: za mbaula, za kugwada kuja, za chitenje chopukutira, za tsiku la pa geti. Pofika pa za getizo analira, ndipo ndinadziwa kuti mawu awo aja ankawalemera iwonso.

Tsiku logawa katundu ndinadabwa kuona Mutinta wabweranso, ngakhale si mbale wathu. Anakhala patali pansi pa mtengo wa mango. Jekete inapita, njinga inapita itavutitsa, magalasi anatenga wina amene maso ake ndi abwinobwino. Makatoni atatulutsidwa, aliyense anayang'ana kumbali. Mbale wina wamwamuna anati, "Ali ofuna? Tengani chabe, yatidyela malo." Mutinta sanasunthe. Anadikira mpaka onse atanyamula zawo, ndipo pamenepo anadzuka, n'kukagwada pamaso pa amake Clifton.

"Amai, napempako mabuku. Sinizanama kuti bazalembela mayeso, yapita ntawi. Koma napeza kabati ya galasi. Bana bazibe kuti muno mu tauni munali bantu bamene benze kuziba vintu."

Amake Clifton anaomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikutsika. Anati atenge, ndipo anawonjezera kuti njerwazo azisiye, adzazigwiritsa ntchito.

Mwezi watha ndinaperekeza a Louisa ku laibulale. Khoma lija tsopano ndi la makompyuta, ndipo ophunzira amakhala atavala zomvera m'makutu. Kabati ili pakona pafupi ndi zenera, si yaikulu, mabuku ena anachita kupanikizidwa. Mutinta anatitsegulira. A Louisa anatsitsa buku lawo lija, analipukuta ndi chitenje, kenako anandipatsa kuti ndiwawerengere, poti maso awo anafooka.

Amalume anga, munthu wa mabuku moyo wake wonse, analibe buku lawolawo ngakhale limodzi kupatula Baibulo ndi la nyimbo, choncho sindinkayembekeza kupeza dzina lawo paliponse m'kabatimo. Ndinatsegula chikuto. Pamwamba panali dzanja lawo lopendekeka lija: lachokera kunyumba ya malemu Gordon. M'munsi mwake munali dzanja lina, la inki yatsopano. Ndinatsegula la a Muleya, ndinatsegula la kalaliki wa ku Simonga, onse chimodzimodzi. Mutinta anatsata lamulo lawo lija mpaka kumapeto, poti mabuku onsewo anali atatuluka pamaliro a amalume.

"Palembedwa chani?" anafunsa a Louisa.

Ndinawawerengera maina onse awiri, la a Gordon ndi la a Bryson.