A Tsache a mu Ofesi Yathu

Anabwera m'dzinja la 2016, mkulu wosakhazikika, mwendo ukungogwedezeka pansi pa desiki yoyandikana ndi yanga. Tinkawatcha a Tsache. M'mafayilo a pakompyuta timasiyamo timawu tofotokozera anzathu, toyamba ndi chizindikiro cha #. Iwo ankadana nato. "Makina sawerenga miseche, mayi," ankatero, zala zikuthamanga, maso ali pa sikirini yakuda, kulemba kapulogalamu kosesa chilichonse chotsatira chizindikirocho.

Tsiku lina kanasesanso fayilo ya maadiresi a makasitomala, momwe # ankatsogolera nambala ya nyumba. Madalaivala athu anangozungulira misewu ndi katundu wa makasitomala, osadziwa khomo.

"Bwezeretsani fayilo yakale, akulu, apo ayi ntchito yatha!" anakuwa abwana.

"Yakale? Zinyalala sasunga, bwana."

A Tsache anachoka pa 9 Meyi 2019, mafoni a makasitomala odandaula akulirabe.